Kwathu n'kuti? Mtima wa Mmalawi pakati pa Nellmapius ndi kumudzi

Kummawa kwa mzinda wa Pretoria, pakati pa lokeshoni yaikulu ya Mamelodi ndi msewu wa N4 wopita ku Mozambique, kuli lokeshoni yotchedwa Nellmapius. Nyumba zambiri za kumeneko ndi zija boma la South Africa lidamangira anthu osauka ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994. Eni ake adawonjezera zipinda kuseri kwa nyumbazo, zina za njerwa, zina za malata, n'kumachititsa lendi. M'zipinda zimenezi, monga zililinso m'malokeshoni ena a m'chigawo cha Gauteng, mumakhala anthu ochokera ku Limpopo, ku Mpumalanga, ku Zimbabwe, ku Mozambique ndi ku Malawi. Kusanache amakhala ali kale pamsewu kudikira matekisi. Ena amakagwira ntchito m'mafakitale a ku Waltloo ndi Silverton, pomwe ena amakasamala maluwa, kuchapa ndi kulera ana m'nyumba za m'mipanda ku Silver Lakes ndi madera ena a anthu opeza bwino.

Dzina la lokeshoniyi nalonso ndi la mlendo. Alois Hugo Nellmapius adabadwira ku Budapest, m'dziko la Hungary, mu 1847 ndipo adafika ku South Africa ali mnyamata kudzasaka golide. Adakhala bwenzi la mtsogoleri wa Mabunu, Paul Kruger, ndipo mu 1883 adatsegula fakitale yotcheza mowa ku Hatherley, yomwe imatengedwa kuti idali yoyamba m'chigawo chonse cha Transvaal. Mpaka lero siteshoni ya sitima ya pafupi ndi lokeshoniyi imatchedwa Eerste Fabrieke, dzina lokumbutsa fakitale yoyambayo. Mkuluyu adamwalira ku Pretoria mu 1893. Akadakhala wa kwathu, abale ake akadati adatchona.

Kwa Amalawi okhala m'zipinda za kuseri zija, funso lakuti kwawo kwenikweni n'kuti ndi la tsiku ndi tsiku. Limabuka mwana akayankha m'Chisotho bambo ake atamufunsa m'Chichewa. Limabukanso foni ikalira pakati pa usiku kuti kumudzi kwagwa zovuta, koma pasipoti idatha kale mphamvu. Funsoli likukhudzanso mlimi wa ku Mzimba, Mangochi kapena Nkhata Bay yemwe feteleza wake amadalira ndalama zochokera ku Joni.

Kupukwa sikuona mtundu

Kulakalaka kwanu uli kutali ndi chibadwa cha munthu aliyense, ndipo umboni wake uli pakhomo pathu pomwe. Amishoni a ku Scotland atamanga malo awo pafupi ndi mtsinje wa Mudi mu 1876, adawatcha Blantyre, dzina la tawuni yomwe David Livingstone adabadwira. Ku Johannesburg kuli madera otchedwa Kensington, Mayfair ndi Hyde Park, omwe ndi mayina a ku London. Anthu a ku Britain amene adasamukira kummwera kwa Africa, kuyambira gulu la anthu pafupifupi 4,000 lomwe lidafika ku Eastern Cape mu 1820, ankamanga matchalitchi ofanana ndi a kwawo, kutsegula makalabu amasewero ndi kusunga nthawi yawo ya tiyi. Ambiri ankanena za Britain ngati kumudzi, ngakhale ena mwa iwo adabadwira ku Africa konkuno. Ena akabwerera ku Britain atakalamba ankapeza kuti dziko lomwe ankalisunga mumtima lidasintha, ndipo ankayamba kupukwa dzuwa la ku Africa.

Kalembera wa anthu yemwe adachitika ku South Africa mu 2022 adapeza kuti m'dzikomo mudali anthu pafupifupi 2.4 miliyoni obadwira kunja. Mwa iwo, obadwira ku Malawi adali pafupifupi 200,000, pambuyo pa a ku Zimbabwe, Mozambique ndi Lesotho, pomwe obadwira ku Britain adangopitirira pang'ono 60,000. Pa kalembera wa mu 2011 Amalawi sadakwane 90,000. Izi zikusonyeza kuti pa zaka 11 chiwerengero chawo chidawirikiza kawiri n'kupitirira.

Kupukwa kwa magulu awiriwa n'kofanana, koma njira yozolowerera njosiyana. Munthu wa ku Britain amapeza chiyankhulo chake chikumudikira kusukulu, kubanki ndi kukhoti, ndipo si kawirikawiri kuti aimitsidwe pamsewu kuti aonetse zikalata. Mmalawi wa ku Nellmapius amayenera kuphunzira msanga chiyankhulo cha eni dera, ndipo nthawi zina amabisa chake.

Njira yomwe makolo adalambula

Ulendo wa ku Joni udayamba kalekale. Clements Kadalie, wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, adafika ku Cape Town ndipo mu 1919 adayambitsa bungwe la apantchito la ICU, lomwe lidakula kwambiri pakati pa anthu akuda m'zaka za m'ma 1920. Adamwalira ku East London mu 1951. Hastings Kamuzu Banda naye adachoka ku Kasungu wapansi ali mnyamata, n'kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi kumigodi ya ku South Africa asanapite ku America mu 1925, kenaka ku Britain ndi ku Ghana. Pomwe ankatera pa Chileka pa 6 July 1958 n'kuti atatha zaka zoposa 40 kunja, ndipo pamisonkhano ankayankhula Chingerezi, wina n'kumatanthauzira.

Amuna ambirimbiri adapita kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, lomwe pambuyo pake lidatchedwa TEBA, anthu n'kumati Theba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi, ndipo boma la Malawi lidaimitsa ntchito yolemba anthu. Idayambiranso mu 1977 koma anthu ake adali ochepa, ndipo idatheratu mu 1988 maboma awiriwa atasemphana pa nkhani yoyeza magazi a anthu ofuna ntchito pofufuza kachilombo ka HIV.

Ulendo wa pa Theba udali ndi zowawa zake, koma udali ndi tsiku lobwerera. Munthu ankasaina mgwirizano wa miyezi yowerengeka, gawo la malipiro ake linkamudikira kumudzi, ndipo ankafika ndi njinga, wailesi, bulangete ndi sutikesi. Yemwe sadabwerere ankatchedwa mtchona, dzina lomwe limanyamula chisoni ndi chitonzo pamodzi. Ulendo wa masiku ano ngwa munthu payekha. Amakwera basi kapena galimoto ya amalonda kudzera ku Mwanza kapena Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo amayi ndi atsikana nawonso ali pamsewu womwewo. Tsiku lobwerera salidziwa ngakhale mwini wake.

Kuzolowera kwa eni

Chinthu choyamba chomwe mlendo amaphunzira ku Nellmapius ndi moni. M'misewu ya kumeneko mumamveka Chipedi, Chitswana, Chizulu, Chitsonga ndi Chindebele, komanso chiyankhulo chosakaniza cha m'tawuni chotchedwa Sepitori. Amaphunzira kuimitsa tekisi ndi zala, chifukwa dera lililonse lili ndi chizindikiro chake. Amaphunzira kugula mafuta ophikira ndi buledi pa tisitolo ta m'makwalala totchedwa spaza, kugwirizana ndi mwini nyumba pa za magetsi, ndi kuzindikira misewu yosayenera kuyendamo kukada. Pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, wina amayankhula Chipedi mwakuti mwini dera sangamuzindikire msanga.

Kuphunzira msanga kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Pa 11 May 2008 ku Alexandra, mumzinda wa Johannesburg, kudabuka zipolowe zolimbana ndi anthu obwera, ndipo zidafalikira m'madera ambiri. Anthu 62 adaphedwa, ndipo 21 mwa iwo adali nzika za South Africa zomwe. M'madera ena achiwembu ankaimitsa munthu n'kumufunsa kuti chigongono chimatchedwa chiyani m'Chizulu, ndipo wolephera kuyankha ankamenyedwa. Boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake, ndipo lidachitanso chimodzimodzi mu April 2015 zipolowe zitabuka ku Durban. Pa 24 February 2017 gulu lina la anthu a ku Mamelodi, lokeshoni yoyandikana ndi Nellmapius, lidatsogolera zionetsero zodana ndi obwera mumzinda wa Pretoria. Mu 2021 ku Soweto kudabadwanso gulu la Operation Dudula, lomwe cholinga chake ndi kuthamangitsa anthu obwera.

N'chifukwa chake ena amatsitsa mawu foni ya kumudzi ikalira ali m'tekisi, ndipo ena amadzipatsa dzina lina la pantchito. Wa kumudzi akamva zimenezi angaganize kuti m'bale wakeyo akuchita manyazi ndi mtundu wake, pomwe iye akungodziteteza. Komanso si onse eni dera amene ali ndi nkhanza. Pali amayi eni nyumba omwe amasunga katundu wa alendi awo zinthu zikavuta, pali maukwati a pakati pa Amalawi ndi eni dziko, ndipo okonda mpira akuluakulu a ku Mamelodi amakumbukirabe Ernest Mtawali, Mmalawi yemwe adasewerapo mu timu yawo ya Mamelodi Sundowns.

Malawi wa m'chipinda chimodzi

Chitseko chikatsekedwa, kumudzi kumabwerera. Ufa wa ku South Africa ndi wa chimanga chomwecho, koma Mmalawi amaphika nsima mwa kwawo, yosalala ndi yoomoledwa ndi chipande. Mabasi ochokera ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu akafika ku Park Station mu Johannesburg amatsitsa matumba a usipa, utaka, mpunga wa kilombero, nsinjiro, mfutso ndi tsabola wa Nali, ndipo katunduyu amafika mpaka m'malokeshoni a ku Pretoria. Pakakhala kamalo kuseri kwa chipinda, pamadzalidwa mpiru kapena maungu a nkhwani. Nkhani za kumudzi zimamveka pa wailesi za ku Malawi kudzera pa intaneti, ndipo tsiku lomwe Bullets ikukumana ndi Wanderers mikangano ya pa WhatsApp imatentha ngati anthuwo ali ku Ndirande.

Lamulungu ndi Lachisanu ndiwo masiku omwe anthu amapezana. Mipingo monga wa CCAP ili ndi magulu opemphera m'Chichewa ndi m'Chitumbuka m'chigawo cha Gauteng, ndipo Asilamu ochokera ku Mangochi ndi Machinga amakumana m'mizikiti. Kumeneko n'komwe mlendo amamva za ganyu, za chipinda chotsika mtengo ndi za chipereganyu chomwe angalowe.

Koma pomwe mtima wa munthu umaonekera poyera ndi pa maliro. Ngakhale amene adatha zaka 20 osaponda kumudzi amafuna kukagona pafupi ndi makolo ake. Kunyamula thupi kudutsa malire a mayiko angapo kumafuna ndalama zambiri ndi zikalata zochokera kuchipatala, ku boma la South Africa ndi ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Pa chifukwa ichi anthu ochokera boma limodzi kapena mudzi umodzi amapanga magulu osonkherana mwezi ndi mwezi. Amene adadzipatula n'kukana kusonkha ndi amene amaikidwa m'manda a eni, abale ake n'kungomva pa foni. Akuluakulu adati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.

Ana a pakati

Nkhani imakula ikafika pa ana. Mwana wobadwira ku Nellmapius amasewera m'Sepitori, amaphunzira m'Chingerezi ndi m'Chipedi kapena m'Chizulu, ndipo Chichewa amachimva makolo ake akamakambirana. Akapita kumudzi pa Khirisimasi anzake amamuseka kuti ndi wa ku Joni, pomwe kusukulu ena amamutcha kwerekwere, dzina lonyoza anthu obwera. Agogo ake akalephera kucheza naye amadandaula kuti mbumba ikutayika.

Chiyankhulo chikhoza kuphunziridwa nthawi ina iliyonse, koma zikalata zikachedwa zimavuta. Kubadwira ku South Africa pakokha sikupatsa mwana unzika wa dzikolo. Lamulo la kumeneko limati mwana aliyense alembetsedwe pasanathe masiku 30 chibadwire, ndipo mwana wa makolo obwera, ngati adalembetsedwa ndipo wakhala m'dzikomo mpaka zaka 18, ali ndi mwayi wopempha unzika. Ku Malawi, mwana wobadwira kunja kwa kholo lomwe ndi Mmalawi ali ndi ufulu wokhala nzika, koma pamafunika umboni wa kubadwa kwake. Makolo omwe zikalata zawo zidatha mphamvu amaopa kupita ku maofesi a Home Affairs, ndipo mwana amakula wopanda pepala lililonse. Mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda lidagamula kuti sukulu za boma zisamakanize ana chifukwa chosowa zikalata. Chigamulochi chidatsegula chitseko cha kalasi, koma mwanayo akakula adzafunabe chiphaso kuti apeze ntchito yolembedwa, atsegule buku ku banki kapena awoloke malire.

Zomwe zidachitika ku Zimbabwe ndi phunziro. Ana ndi zidzukulu za Amalawi omwe adapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya kumeneko adasunga Chichewa ndi gule wamkulu, koma lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ambiri adapezeka kuti akutengedwa ngati alendo m'dziko lomwe adabadwira, chonsecho ku Malawi sadali kudziwika. Malamulo atsopano oyendetsera dzikolo a mu 2013 ndiwo adabwezera ambiri mwa iwo ufulu wa unzika. Ku Malawi nakonso, lamulo la unzika la mu 1966 silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri, mpaka pomwe Nyumba ya Malamulo idalisintha mu December 2018. Kusinthaku kudachotsa mantha omwe ambiri adali nawo akuti kutenga unzika wina ndi kutsanzika kwawo.

Mtolo wochokera kumudzi

Ndalama zotumizidwa kudzera m'makampani monga Mukuru zamanga nyumba za malata, zagula feteleza ndi mbewu, ndipo zalipirira ana sukulu m'midzi yambiri. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mabanja ambiri adatsamira kwambiri pa randi. Chomwe sichioneka pa chithunzi chotumizidwa pa foni ndi chakuti wotumizayo amagona m'chipinda chimodzi ndi anzake atatu, ndipo mwezi wina ganyu amasowa.

Nkhani ya zikalata imamangiriranso anthu kumeneko. Mmalawi amaloledwa kulowa m'dziko la South Africa kwa masiku 30 popanda viza, koma masikuwo ngocheza, si ogwirira ntchito. Kuyambira mu 2014, wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ndipo ngati wapitirira ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Wogwidwa amatha kusungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Nzika za Zimbabwe, Lesotho ndi Angola zidapatsidwapo zilolezo zapadera, koma Amalawi sadakhalepo ndi mwayi wotere. Choncho munthu amadziwa kuti akapita kukaika maliro a amayi ake, mwina ntchito ndi ana omwe wasiya ku Nellmapius sadzawaonanso msanga.

Kutchona nthawi zambiri kumayamba motere. Munthu walephera kutumiza ndalama miyezi itatu, ndipo foni iliyonse yochokera kumudzi ndi yopempha. Amayamba kusayankha, kenaka amasintha nambala. Chaka chikatha, manyazi obwerera chimanjamanja amakula kuposa kupukwa. Wina amatumiza mokhulupirika zaka zambiri kuti amumangire nyumba, koma pobwera amapeza maziko okha, ndipo munda wake udagawidwa kwa ena. Munthu wotere akabwerera ku Joni sayang'ananso m'mbuyo. Mtchona amapangidwa ndi mbali zonse ziwiri, ya wopita ndi ya otsala.

Zomwe tingachite

Alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a chitukuko cha m'midzi amakumana ndi mabanja amenewa tsiku lililonse, ndipo ali ndi mpata wothandiza. Wachinyamata asananyamuke, banja likhale pansi n'kugwirizana cholinga cha ulendowo, kaya ndi malata, ng'ombe, chigayo kapena sukulu ya ana, komanso nthawi yomwe akuyembekezeka kubwerera. Anyamuke ndi pasipoti yakeyake ndi chiphaso cha unzika, ndipo zithunzi za zikalatazo zitsale kunyumba. Adziwe kuti ku Pretoria kuli ofesi ya kazembe wa Malawi, ku Johannesburg kuli ofesi ina ya boma la Malawi, ndipo mabungwe monga Lawyers for Human Rights amathandiza pa nkhani za ana osowa zikalata.

Otsala kumudzi alembe m'kabuku ndalama iliyonse yomwe yafika ndi ntchito yomwe yagwira, ndipo gawo lina liikidwe ku banki mkhonde kapena m'ziweto kuti banja lisagwe njala mwezi womwe randi sinabwere. Anyakwawa aonetsetse kuti munda wa munthu yemwe ali kunja sukugulitsidwa mwini wake osadziwa. Ndi bwinonso kuimba foni yongofunsa za moyo, kumuuza m'bale wanu za mvula, za chimanga chomwe chayamba ngaiyaye ndi za mwana yemwe wabadwa, popanda kutchula ndalama.

Makolo omwe ali ku Nellmapius ndi malokeshoni ena asunge bwino pepala lomwe chipatala chimapereka mwana akabadwa pamodzi ndi khadi ya kusikelo, ndipo alembetse mwanayo msanga. Aziyankhula naye chiyankhulo cha kwawo pakhomo, adziwe mfunda wake, mudzi wake, mfumu yake ndi boma lake. Kudziwa Chipedi kapena Chizulu sikumuchotsera kanthu, chifukwa mwana wa ziyankhulo zitatu ali ndi makomo atatu olowera.

Ndipo wobwerera, kaya wafika ndi galimoto kaya ndi kachikwama kamodzi atachokera ku Lindela, alandiridwe ngati mwana wa pamudzi. Ambiri amabwera ndi luso la zomangamanga, kuwotcherera zitsulo, kusoka, kuphika ndi ulimi wa mbewu zamasamba, lomwe makomiti a chitukuko cha m'midzi angaligwiritse ntchito. Mmene mudzi walandirira woyamba kubwerera, uthenga wake umafika ku Nellmapius tsiku lomwelo, ndipo ena omwe akuzengereza amamva ngati kumudzi kudakali malo awo.